Tsiku limene anatchula alamu anga

Lemba momwe ndikuyankhuliramu, usakonze, Chichewa changa chinasakanikirana ndi Chitumbuka kalekale. Kuno ku Rumphi ndinabwera ndili mtsikana, kuchokera ku Dedza, kudzalima fodya wa eni ake, ndiye agogo ako aamuna anandionera m'munda momwemo. Amene anandizoloweza pamudzi pano ndi alamu anga, mlongo wawo wa agogo akowo. Unawaona uli wamng'ono, aafupi aja, oseka ndi thupi lonse. Kaya ukuwakumbuka.

Alamu sankakhala pansi. Kukangocha, chitenje m'chiuno, ulendo. Kwa wodwala alowe, kwa wobereka alowe, kwa amene wakangana ndi mwamuna wake alowenso. Anali a umanyano, amayi a mpingo oyendera odwala aja, koma ngakhale mpingo ukanapanda kukhalapo akanayendabe. Ndinkawanena kuti, "Alamu, mapazi anuwa adzakusumirani ndithu." Iwo amvekere, "Inu khalani pompo muzilondera nkhuku, Mchewa waulesi. Nkhani ndikubweretserani." Ndipo ankabweretsadi, zina zothira mchere.

Ndiye kunabwera matenda a chifuwa aja anatseketsa sukulu, korona. Poyamba tinkati ndi za ku Mzuzu, za anthu okwera ndege. Kenaka anatenga mphunzitsi wopuma uja wa kuseri kwa chigayo. Asanafote maluwa pamanda pake, amayi ena achikulire a kutsidya kwa dambo anatsatira. Anthu anayamba kuyang'anana.

Lamlungu lina titatha mapemphero, panja pa tchalitchi, anaimirira mayi wa zaumoyo, amene ankayeza ana sikelo. Munthu wabwino chomene, usamulembe moipa. Ananyamula kabokosi kozizira panjinga. Akuti katemera wabwera wochepa, sakwanira mudzi wonse. Akuti, "Amama ndi adada, moto wa ku Nyika sauzimitsa pothirira udzu uliwonse. Amalambula pamene moto ungadutsire. Matendanso ali ndi njira zake, amayenda ndi anthu amene amalowa m'makomo ambiri. Tikateteza amenewo, tateteza ndi inu okhala pakhomo."

Zinamveka ndithu. Ndiye anati safunsa kuti akufuna katemera ndani, chifukwa aliyense adzitchula yekha kapena athawa. Afunsa aliyense kuti masiku ano pakhomo pake pafika ndani.

Anayamba ndi ine, poti ndinakhala kutsogolo. Ndinati, "Alamu angawa, nanga ndaninso? Ndi chipanda changa sanabweze." Anthu anaseka. Wachiwiri anatchula wa kabaza, mnyamata wonyamula anthu panjinga yamoto, kenaka nayenso anati alamu. Wachitatu, alamu. Wina anatchula wa pachigayo, koma anabwereranso kwa alamu. Iwo ankangogwedeza mutu monyadira, akuti, "Yewo, yewo, mwaona kuti ndine boma."

Mpaka linafika funso kwa mwana wa amayi omwalira aja a kutsidya kwa dambo. Sanaseke. Anati, "Kwathunso anafika. Anawamwetsa phala amama, mawa lake chifuwa chinayamba." Mkazi wa mphunzitsi anayankhira chapansipansi kuti kwawonso zinali choncho.

Mwanawe, kuno dzina limodzi likatuluka m'kamwa mwa anthu ambiri maliro ali chigonere m'mitima, sitimva za moto wa ku Nyika ayi. Timamva zina. Mayi wa zaumoyo uja sanaone kuti nkhope zasintha, anali kalikiliki kutsegula kabokosi. Anabaya alamu, anabaya wa kabaza, wa pachigayo, mkulu wa mpingo, ndi ena ochepa oyendayenda. Alamu anatsitsa dzanja la bulauzi, akumwetulirabe, koma kumwetulira kwake kunali kotsalira.

Matenda aja pamudzi pano anazilala. Kaya ndi katemerayo, kaya inali nthawi yake, ine sindinapite kusukulu. Koma maliro a chifuwa sitinaikenso. Wa kabaza anapitiriza kunyamula anthu, wa pachigayo kugaya, palibe anawanena kanthu. Alamu okha.

Sanawatukwane, bola akanawatukwana, akanabweza. Amati akati odi, m'nyumba zii, chonsecho utsi ukutuluka kukhitchini. Ana akawathamangira, amayi awo amawaitana kuti bwerani kuno msanga. Wina anabereka, alamu ananyamula ufa ndi sopo, anawalandirira pamsewu, mwana osawaonetsa. Ku umanyano anawauza mwaulemu kuti apumuleko, akula, odwala aziyendera ena. Kuchitsime ndinamva ndi makutu angawa mayi wina akuti, "Ngakhale achipatala anawadziwa. Anayamba ndi iwo kubaya." Winanso akuti, "Alowa monse muli matenda, iwo osatsokomola n'kamodzi komwe. Munthu wamba angatero?" Ndinatula ndowa, ndinawalalatira mpaka mawu kundithera. Anangoti, "Pepani amama," n'kusenza madzi awo.

Mayi wa zaumoyo atamva anabweranso kutchalitchi. Anafotokoza, anafotokoza, mpaka misozi. Akuti amayiwa sanalakwe, munawatchula chifukwa ndi amene amakukondani. Anthu anavomera onse, ena anawomba m'manja. Lolemba zitseko zinali zotsekabe.

Alamu anayamba kukhala pakhonde. Munthu amene sankadziwa mkeka, tsopano mkeka unatha pakati. Ndinkapita ine, waulesi uja, kukawauza nkhani, koma ine nkhani sindidziwa kuzitola. Ndinkangoti mbuzi ya uje yaswa. Iwo amvekere, "Alamu, mukunena nkhani ngati mukuwerenga chilengezo cha maliro." Miyendo inayamba kutupa. Mwana wawo wamkazi, namwino wa ku Mzuzu, anabwera kudzawatenga. Ndinawaperekeza mpaka pa Boma kukakwera minibasi. Palibe wina anabwera.

Ku Mzuzu ndinakawaona kamodzi. Nyumba yabwino, ya mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, galu. Oyandikana nawo sankawadziwa ndi dzina lomwe. Anandikhazika pampando wofewa n'kuyamba kundifunsa mudzi, khomo ndi khomo, kuyambira kuchigayo kutsika mpaka kudambo. Uje mwendo unapola? Mwana uja sanandionetse akuyenda? Mkazi wa mphunzitsi akudya, kapena akungokhala ndi chisoni? Ndi amene anayamba kuwanena aja omwe, anawafunsa. Ndinati, "Alamu, amenewo asiyeni." Iwo akuti, "Denga lawo linkadontha pamene pali bedi. Mukawauze ana a mpingo akafolere mvula isanagwe."

Ndinakawauza, anakafolera. Alamu anamwalira komweko chaka chotsatira, osapondanso pamudzi pano.

Ima kaye pamenepo, dzanja lipume. Ndipatse madzi akumwa.