Tinaima pa Mlatho ndi Alamu

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, ndinawadziwa asanamufunsile n'komwe. Tinkakumana pa kashopu ka magemu a pa tivi kumsika wa Petauke tili anyamata, tikulimbilana benchi. Gemu yathu inali imodzi: ya munthu wothamangitsidwa kwawo, amene amayenda maiko akumenyana ndi zilombo kuti abwelele. Chigawo choyamba tinachimaliza tili kusekondale. Chachiwili chinatuluka iwo ali kukoleji ya uphunzitsi. Pofika chachisanu, tonse tinali ndi imvi m'ndevu ndi ana a sukulu.

Kukangana ndiye kunali kudya kwathu. Ine mpaka lelo ndimati chigawo chachitatu ndicho gemu, zinazi n'zongotsatila. Chachinayi chinandinyansa. Anthu ake amangolankhula, kulankhula, ngati msonkhano wa kopaletivu, iwe padi yoseweletsela gemu ili m'manja ukuyasamula. Alamu ankachikonda chomwecho. "Inu alamu mumangofuna kumenya, nkhani simumva," ankatelo. "N'chifukwa chake makasitomala amathawa pashopu panu." Ine n'kuwayankha kuti mphunzitsi aliyense amakonda zolongolola. Tikafika pamenepo mlongo wanga ankatithamangitsila pakhonde.

Chachisanu chinatuluka iwo akuphunzitsa ku Nyimba, ndipo anachigulila makina atsopano. Poyamba chinatikwiyitsa tonse. Usanasewele n'komwe chimayamba chadya mabandulo a intaneti, malaiti akathima pakati uyambilenso, aa! Koma chinali ndi chinthu chimodzi chimene chinatigwila mtima: chimalola anthu awili kuyenda limodzi, aliyense ndi munthu wodzipangila yekha. Alamu anapanga wawo wadazi, wamimba, wa mpata kumano ngati iwo eni, n'kumupatsa dzina lawo. Ndinaseka mpaka misozi. Wanga ndinamupanga wamtali, wokongola, iwo n'kunena kuti ndine wabodza ngakhale pa tivi.

Loweluka ndikatseka shopu yanga ya mbewu ndi feteleza, ndinkakwela minibasi ya ku Nyimba. Tinayenda choncho dzinja lonse mpaka kukolola, n'kufika pa mlatho wolowela mumzinda womaliza, kwawo kwa munthu wothamangitsidwa uja. Tsiku limenelo miyendo ya alamu inali itatupa kale, impso zitayamba kuvuta. Anaika padi pansi. "Tisaoloke lelo alamu, mutu ukundizungulila. Zaka zonsezi tayenda, ndikufuna ndikalowe ndili bwino." Tinasunga gemu pomwepo, anthu athu awili ataima pa mlatho.

Sanachile. Anapita kuchipatala, kubwela, kupitanso, ndipo tinakawaika kwawo ku Nyampande.

Malilo atatha, abale awo anakhala pansi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Ogawa anali amalume awo. Ndisawanamizile, sanalande kanthu. Mipando, tivi ndi zonse za m'nyumba anasiyila mlongo wanga ndi ana. Anagawa zokhazo zimene malemu ankavala ndi kugwila: malaya, nsapato, njinga. Makina a gemu anaikidwa pamphasa pamodzi ndi majekete. Amalume, pofuna kuti aliyense atengeko chokumbukila, anapeleka padi imodzi kwa mphwawo wina wa malemu, inzake kwa wina, makinawo kwa msuweni wa malemu amene amagulitsa nthochi ndi zakumwa pamsewu ku Kacholola.

Ine ndinakhala kumbuyo, kumbali ya akuchikazi. Mlamu salankhula pogawa katundu. Ungotsegula pakamwa, mawa lake mudzi wonse umva kuti abale a mkazi anabwelela chuma. Ndipo ndikanati chiyani? Bambo wandevu zanga, kuimilila pamaso pa anthu olila, ati ndikupempha choseweletsa? Mtima unandiwawa kwambili.

Ndinadikila kuti misozi iume. Kenako ndinabweleka padi kwa mnzanga n'kukwela basi ya ku Kacholola. Makinawo sindinkawafuna ayi. Ndinkangofuna kukhala pansi masana amodzi, nditenge munthu wa alamu, ndimuolotse mlatho uja akalowe kwawo. Basi.

Msuweniyo anandilandila bwino, anandiikila mpando ndi mbale ya nthochi. Nditanena chimene ndadzela, anati, "Mwachita bwino bambo, makina ali bwinobwino, tinawayeletsa."

"Kuwayeletsa bwanji?"

Anafotokoza. Tsiku limene anabweleka padi n'kuwayatsa koyamba, pa tivi panatuluka munthu wadazi, wa mpata kumano, dzina la malemu lili pamwamba pake. Munthuyo anaima akupuma, akutembenuza mutu uku ndi uku ngati akufuna wina. Akazi a msuweniyo anakuwa n'kuthawila panja. Anati zovala zija zinachapidwa zisanagawidwe, koma ichi palibe anachichapa, malemu akali m'menemo. M'mawa mwake msuweniyo anapita nawo ku Nyimba kwa wokonza mafoni, amene anafafaniza zonse zosungidwa.

"Tsopano mulibe chilichonse, yatsani muone," anatelo, akumwetulila.

Mulungu ndi mboni, ndinafuna kumutukwana. Koma munthuyo sanachite mwano, anachita zimene aliyense kwathu akanachita, ndipo anachita mwaulemu. Ndikanamukalipila chiyani?

Ndinayatsa. Gemu inandifunsa ngati ndikufuna kuyamba ulendo watsopano, n'kundionetsa chimunthu chopanda tsitsi, chopanda dzina, kuti ndichipange. Ndinati chabwino, ndiwapangenso alamu, ndiyende nawo kuyambila poyamba ngakhale zinditengele chaka. Mutu ndinaupeza msanga. Thupi silinavute. Pa maso m'pamene ndinaima. Anali ambilimbili osankha, aakulu, aang'ono, ogwa m'mbali. Ndinayesa awa, ndinayesa awo, ndinabwelela kwa oyamba aja. Sindinadziwe kuti a alamu ndi ati.

Msuweniyo anaona kuti ndakhala nthawi osasuntha chala. "Kodi padi yafa, bambo?"

Padi inali bwino. Kungoti zaka zonse zija ine ndi alamu tinkakhala pambali ndi pambali, tonse maso pa tivi. Mawu awo ndimawamva mpaka lelo, kuseka kwawo ndi chipongwe chawo chomwe, koma maso awo sindinawayang'anitsitse. Ndinazimitsa makina n'kulila pamaso pa munthu amene sankadziwa chimene ndikulilila.