Kafupi Ankaimba M'dzenje

Kafupi anali wamfupi moti akakhala pampando miyendo inkangolendewera. Musathamangire kumumvera chisoni, kufupikako ndiko kudamupezera ntchito.

Tauni yathu ili m'munsi mwa phiri lamoto. Amati pansi pake pali miyala yosungunuka ngati phula, yomwe imakankhana kufuna potulukira. Mapiri a kumaiko ena akapsa mtima amaphulika n'kukwirira anthu ndi phulusa. Ena amangotayikira chiphalaphala pang'onopang'ono, mpaka munthu amathawa akukoka mbuzi yake. Lathuli ndi lakabisira, limangophwisa mwakachetechete kudzera m'ming'alu ya pansi. Mpweya wakewo sununkha, suoneka, koma ndi wolemera, umakadikha m'maenje ngati madzi. Ukaupuma mutu umazungulira, kenako basi.

Tsono mlamu wake wa Kafupi, mchimwene wa mkazi wake, chimunthu chachitali chomwe timachitcha Nsanamira, amakumba maenje a zimbudzi. Iyeyo ndiye adatulukira nzeru yakuti poti mpweya umayambira pansi, wamfupi ndiye angayambe kuumva. M'mawa uliwonse munthu asanalowe ndi piki, ankamanga Kafupi chingwe m'khwapa n'kumutsitsa m'dzenje akuimba. Nyimbo ikamveka bwino, ntchito iyambike. Ikayamba kupotoka ngati ya chidakwa, amukoke msanga, tsikulo kulibe kukumba.

Wina adafunsapo kuti bwanji osangotsitsa kandulo.

"Kandulo idakwatira mlongo wanga?" adayankha Nsanamira.

Azimayi ankasiya zochapa kudzaonerera. "Imbani ija ya dzana, bambo, ija mudalira nayo!" Kafupi ankangomwetulira. Kumsika akamufunsa ntchito, ankatukula chifuwa n'kunena kuti ndi woyeza mpweya.

Koma mpweyawo udamudya mutu pang'onopang'ono. Manja adayamba kunjenjemera, lilime kulemera. Ankapotoza nyimbo ngakhale m'dzenje labwinobwino, anthu n'kumukoka, tsiku n'kupita pachabe. Ndiye m'mawa wina Nsanamira adafika ndi tambala m'dengu.

"Alamu, ameneyu ndi wa ndiwo?" adafunsa Kafupi.

"Ameneyu ndi wolowa m'malo mwanu, alamu. Sadya zambiri, sanama, ndipo akafa tiwotcha. Inu mukafa tingoononga matabwa, ngakhale kuti ndi ochepa."

Kunyumba mkazi wa Kafupi sadatembenuke n'komwe pamene ankatsuka mbale. "Ndiye anzanga ndiziwauza chiyani? Kuti amuna anga adalandidwa ntchito ndi nkhuku?"

Kafupi adayamba kuzemberera kuseri kwa nyumba kukaphunzira kuwongola lilime. Ankaimba mawu amodziamodzi atagwira khoma, agalu akumuyang'ana. Atakhutira, adapita kukagwada kwa mlamu wake, ngakhale kugwadako sikudasinthe msinkhu kwenikweni. Adapempha mwayi umodzi wokha.

Dzenje la tsikulo linali kuseri kwa galaja, pamalo otsetsereka, ndipo linali lakuya kale. Adamumanga, adamutsitsa. Mapazi atangogunda pansi Kafupi adadziwa. Mutu udayamba kuzungulira, mtima kugunda m'makutu, makoma a dzenje kumuyandikira. Zaka zonse zija, apa ndi pamene lilime linkagwa lokha iye n'kukwera. Koma akapotoza lero, ndani akhulupirire kuti ndi mpweya? Kumwamba kuja tambala anali kudikira m'dengu.

Adakunga khosi, adaimba. Abale inu, sadaimbepo bwino chotero chibadwire! Mawu alionse ankatuluka owongoka ngati akuwadula ndi mpeni. Azimayi adaomba m'manja. "Wachira! Lero ndiye wachira Kafupi!"

Nyimbo idadukira pakati pa mawu.

"Akupuma," adatero Nsanamira, n'kumalizitsa kaye fodya wake.

Pamene ankamukoka, mutu unali utagwera pachifuwa, milomo itada bii. Adamukhuthulira ndowa ya madzi, adamuomba mbama, adamutengera kuchipatala pawilibala ya dothi. Sadafe. Kufa kukadamuchitira ulemu, anthu akadavula zipewa.

Masiku ano amakhala pakhonde, dovu likutsikira pamalaya, mkazi wake akumudyetsa ndi supuni uku akutukwana. Salankhula, saimba. Ndikadutsa ndimamupatsa moni, iye amangondiyang'ana ngati ndili kumwamba kwa dzenje.

Nsanamira akaledzera amaifotokoza nkhaniyi mpaka misozi ya kuseka. "Ntchito yake inali imodzi yokha, kulephera kuimba nthawi ikakwana. Imeneyonso idamukanika! Ndikadamukhulupirira ndikadalowamo ine, alamu anga akadandipha ndi nyimbo."

Ndipo pa chifukwa chimenecho adaletsa mlongo wake kubwera kudzapempha sopo.