Mkulu Wonyamula Beseni

Mkulu wa mpingo wathu ndi munthu waukhondo. Jekete lake silidziwa fumbi, ngakhale m'chilimwe pamene tonse timalowa m'tchalitchi mapazi ali mbuu. Tsiku la ubatizo ndiye amanyamula beseni, akuyenda pang'onopang'ono kuti dontho lisagwe pansi. Amakonda kunena kuti, "Awa si madzi osamba, abale. Wobwera pano asiye zakale kunja."

Bambo anga anali ndi akazi awiri, ndipo mayi anga ndiwo anali achiwiri. Chaka chimene chifuwa chinawagwira, bambo anapempha ubatizo. Mkuluyo anabwera kwathu mvula yoyamba itangogwa, mayi akusankha mbewu pakhonde. Anamupatsa mpando, anamupatsanso madzi akumwa.

"Achimwene, nkhani yanu ndi yapafupi," anatero kwa bambo. "Mulungu amadziwa mkazi mmodzi."

Mayi anafunsa, "Nanga ine, abambo, zaka makumi awiri zonsezi ndinali ndani pakhomo pano?"

"Inu mayi, musawatsekere amuna anu khomo lakumwamba."

Mayi anabwerera kwawo mbewu zisanamere. Lamulungu la ubatizo mpingo unaimba mpaka malata kunjenjemera, madzi akutsika pamphumi pa bambo. Abusa anati tsopano tonse ndife thupi limodzi. Ine ndinayang'ana kumbali ya azimayi, pabenchi yachitatu, pamene panali danga.

Mpaka lero mkuluyo amandipatsa moni ndi manja awiri, n'kundifunsa kuti kalasi ya ubatizo ndiyamba liti. Za mayi sanafunsepo.