Mizere ya Alamu Anga

Ine ndimalemba zikwangwani ku Bangula, ndipo pa nkhani ya penti ndinkadziyesa katswiri wa chigwa chonse. Alamu anga, a Fanueli, amakonza mawailesi. Atayamba kujambula pathabwa timizere tomwe amaona m'kati mwa wailesi, tobiriwira ndi tofiira, topingasana ngati mawaya a magetsi, ndinawaseka mpaka misozi.

"Alamu, nkhuku yaponda penti kodi?"

Tsiku lina anayanika thabwa lawolo pakhonde panga. Kunabwera mayi wina amene ankamanga nyumba yogona alendo ku Nsanje. Zikwangwani zanga sanazicheukire n'komwe. Anangoima patsogolo pa thabwa lija, dzanja lili pachibwano.

"Mwajambula ndinu, bambo?"

"Ndine, mayi," ndinatero osaphethira. Ndinawonjezera kuti imeneyo ndi mphamvu ya magetsi ikuyenda m'mitsempha ya dziko. Mawu amenewo sindikudziwa komwe ndinawatola.

Mayiwo anati akufuna zina zotero zoti apachike m'zipinda zonse.

Ndinadzitsekera m'nyumba ndi mabulashi anga, thukuta lili kamukamu. Mizere yanga inatuluka ngati matumbo a mbuzi. Ndinafufuta, kuyambanso, koma zinangoipiraipira. Pamapeto pake ndinapita kwa alamu mutu uli pansi, n'kuulula zonse.

Anandimvetsera akuwotcherera waya, osandiyang'ana.

"Palibe vuto, akatswiri," anatero. "Ndijambula. Inu mukawauze mayiwo dzina la mwini wake, kenako muzidzanditsukira mabulashi."

Dzinalo ndinakanena, ndili ngati mwana wogwidwa ali ndi shuga m'kamwa. Mabulashiwo ndikutsukabe mpaka lero.