Lachisanu la Mayi Kopacz

Munthu akakuuzani kuti mumzinda wa Toledo mulibe nkhalamba youma mutu, ameneyo sanakumane ndi a Darlene Kopacz. Mayi ameneyu anagwira ntchito ku fakitale ya mabotolo kuyambira ali namwali mpaka mawondo atayamba kulira, ndipo zimene anatulukako nazo ndi khutu limodzi logontha, zala zopindika, ndi pakamwa popanda mabuleki. Amuna awo a Stan atamwalira, iwo anasamukira m'nyumba yosanja ya anthu opuma pantchito, m'kachipinda kakang'ono koma kawokawo. Katundu amene anakana kuti wina aliyense awanyamulire chinali chiwailesi cha kaseti, chachikulu ngati sutikesi.

Sabata yonse anali munthu wabwinobwino. Ankaphika kabichi ndi soseji, kusewera makhadi ndi anzawo, n'kumanyoza boma monga achitira aliyense. Koma Lachisanu ikangokwana faifi koloko madzulo, ankatsekula zenera, kaya kunja kukugwa chipale chofewa kaya ayi, n'kukweza chiwailesi chija mpaka pothera. Nyumba yonse inkadziwa kuti Lachisanu lafika.

Achinyamata a lero sangamvetse, ndipo a Darlene analibe nawo nthawi yowafotokozera mofatsa. Masiku awo mzinda unali ndi mawailesi awiri oulutsa nyimbo za roko, zija za magitala aphokoso, ina ankaitchula Khoswe, ina Nyundo, ndipo munthu unkayenera kusankha mbali. Chizindikiro unkamata kumbuyo kwa galimoto kuti aliyense adziwe. Zibwenzi zinkatha chifukwa cha nkhani imeneyi! Ku Nyundo kunali Amalume a Moe, amene tsiku lina anadzikhomera m'chipinda choulutsira mawu n'kuseweza nyimbo imodzi mmawa wonse chifukwa abwana anali atailetsa. Kunalinso Lorna Vale wa mawu ngati uchi, amene theka la amuna a mumzindawo linkamufuna osamuonapo ngakhale chala. Koma a Darlene ndi a Stan anali a Khoswe mpaka m'mafupa, chifukwa ku Khoswe kunali Rip Garrity.

Rip! Mawu ake ankachita kugwedeza magalasi a galimoto. Lachisanu lililonse anthu akuweruka, ankadula nyimbo pakati, pamakhala zii. Kenako ankagogoda tebulo ndi mphete yake: go! go! gogogo! Akatero ankakuwa ndi mphamvu zake zonse: "Toledooo! Vulani magolovesi! Abwana atsale ndi makina awo, ife tapita! Lachisanu lafikaaa!" Pamenepo magitala ankalira ngati macheka, ndipo galimoto zonse pabwalo la fakitale zinkaliza hutala nthawi imodzi, za pamlatho nazo kuyankha. Nkhope ya Rip palibe ankaidziwa, ndipo palibe ankaifuna.

Kenako kunabwera anthu a masuti ochokera kutali, n'kugula mawailesi onse awiri. Oulutsa mawu anawathamangitsa ngati agalu. Lero nyimbo imasankha ndi kompyuta, ndipo munthu amene amalankhula sadziwa ngakhale kumene mtsinje wa Maumee, wa mumzinda momwemu, umalowera. Chimene chinatsala m'manja mwa a Darlene ndi kaseti imodzi imene a Stan anajambula. Koma a Stan, mzimu wawo uuse mumtendere, ankachedwa pa chilichonse. Anachedwanso kudina batani, moti kasetiyo ilibe kugogoda kuja, imangoyambira pa "…ledooo!"

Vuto linali chipinda choyandikana nacho. Mmenemo munkakhala a Lyle Fenstermaker, kamdala kakafupi kowonda, ka mpango pakhosi chilimwe ndi dzinja. Moni sankapereka. Madokotala anawachotsa kholingo chifukwa cha khansa, ndiye akafuna kulankhula ankagunditsa kachipangizo pakhosi, mawu n'kumatuluka ngati njuchi m'chitini. Kaseti ikangoyamba, iwo ankamenya khoma ndi ndodo mpaka ithe, m'mawa mwake n'kukadandaula ku ofesi.

Lachinayi lina manijala wa nyumbayo, mtsikana wa ulemu dzina lake Kaitlyn Overmyer, anawaitana a Darlene.

"Mayi Kopacz, ndakuchenjezani kawiri," anatero Kaitlyn. "Lamulo silinachokere kwa ine. A Fenstermaker akadandaulanso kachitatu, chipinda mutuluka. Chonde, ndakuguliraniko timahedifoni iti, muzimvera nokha mwakachetechete."

A Darlene anatinyamula ndi zala ziwiri ngati nyansi. "Mwanawe, unaonapo munthu akupita ku ukwati yekha m'bafa? Lachisanu si la khutu limodzi. Ndi la mzinda wonse."

"Koma mzindawo unasintha, mayi."

"Unasintha kapena anauba? Tenga tinthu takoti, ukapatse agogo ako."

A Darlene anatuluka mutu uli m'mwamba n'kukalowa m'chikepe. Ankadziwa bwino kumene akanapita akanathamangitsidwa: kwa mwana wawo kutali ku Indiana, m'chipinda chapansi chopanda zenera, kwa mpongozi amene amavulitsa anthu nsapato pakhomo ndi kuzimitsa chilichonse chaphokoso. Kumeneko sakanatha chaka ali moyo. Mantha anawagwira, tisabise. Koma mkwiyo unaposa mantha.

Lachisanu masana analongedza sutikesi n'kuiika pakhomo, kuti asadzati anawadzidzimutsa. Kenako anapita kukamenya chitseko cha a Fenstermaker.

Kamdala kaja kanatsekula pang'ono, dzanja lili pamphuthu ya chitseko.

"Madala, tiuzane zoona," anayamba a Darlene. "Ndinakudyerani chiyani ine? Sabata yonse ndimakhala chete ngati mtembo. Nyimbo imodzi yokha ikupheni? Inuyo muyenera kuti munali a m'maofesi, aja ankatseka mawindo ife tikamaliza hutala. Kapena munali a Nyundo? Nenani, nkhope yanuyo ndi ya a Nyundo ndithu! Mukumudziwa Rip Garrity inu? Munthu uja akanakhala pano akanakupumirani kamodzi, anthu n'kukakutolani kutali ku Michigan!"

A Fenstermaker anangowayang'ana ndi maso ofiira, akudikira kuti mvula ikate. Koma dzanja lawo lija silinadikire. Chala cha mphete chinayamba chokha kugogoda thabwa, mwini wake osadziwa: go, go, gogogo. Go, go, gogogo.

A Darlene anakuzindikira kugogoda kumeneko. Anayang'ana chala chija, kuyang'ana mphete, kuyang'ana mpango.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ndinu Rip."

Mdala uja anabisa dzanja m'thumba ngati wakuba. Kenako anatulutsa kachipangizo kaja, n'kukagunditsa pakhosi.

"Rip anafera patebulo la madokotala," inatero njuchi ija. "Watsala ndi Lyle. Ndinamuika m'manda ndekha. Ndiye inu Lachisanu lililonse mumakamufukula, kudzamukuwitsa pakhoma langa. Mukudziwa mmene zimawawira? Kumva mawu ako akuseka kuseri kwa khoma, iwe usakutha ngakhale kuitana galu?"

Chisoni chinawagwira a Darlene. Zaka zonsezi ankaganiza kuti Rip ndi chimphona cha mamita awiri, osati kamunthu kowafika paphewa. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Pang'ono akanapepesa, pang'ono akanalonjeza kuti kaseti ija aiponya m'bini. Koma anakumbukira tsiku limene fakitale inachotsa anthu mazanamazana, onse atakhala m'magalimoto osalankhula, amuna akuluakulu misozi ili mbwee. Faifi koloko itakwana Rip anakuwabe, ndipo a Stan, ntchito itawathera, anali oyamba kuliza hutala.

"Pepani za pakhosipo, bambo," anatero. "Ndikunena ndi mtima wonse. Koma mawu aja si anu ayi."

Maso a mdala uja anatong'oka.

"Eya, ndanena! Munatipatsa ife. Munkawaponya m'magalimoto mwathu, m'makhitchini mwathu, osatipempha n'komwe. Wina anakuuzani kuti mudzawatenganso? A masuti anatenga wailesi. Madokotala anatenga kholingo. Katsala kakaseti kamodzi, ndiye mwati mumalizitse ndinu? Rip amene ndikumudziwa ine sankaletsa anthu phokoso. Lero faifi koloko ndiliza. Kadandauleni, sutikesi ndalongedza kale."

Chitseko chinatsekedwa pamphuno pawo, gu!

Nthawi itayandikira, a Darlene anasuzumira pakhonde n'kuona Kaitlyn ataima pafupi ndi chikepe, akunamizira kuona maluwa apulasitiki. Anabwerera m'kati, kutsekula zenera, kuika chiwailesi pamalo pake. Mphepo yozizira inalowa. Anayang'ana kachipinda kawo konse, makatani amene anasoka okha, chithunzi cha a Stan atavala chipewa chopendekeka. Kanali kabwino kachipinda aka, ndipo zinawapweteka mtima kukasiya. Anaika chala pabatani.

"Stan, ku Indiana tikakumana komweko," anatero.

Asanadine, khoma linalankhula. Ndodo, yamphamvu, yosathamanga: go! go! gogogo!

Kaya linali chenjezo kaya chilolezo, a Darlene sanafunse. Dzanja linadziwa lokha chimene chimabwera pambuyo pa kugogoda kumeneko. Anadina.

"…ledooo! Vulani magolovesi!"

Magalasi a zenera ananjenjemera. Kwa nthawi yoyamba chijambulireni, kaseti ya a Stan inali yathunthu. A Darlene anakuwa nawo limodzi, mawu akusweka, misozi ikuyenderera, ndipo sanaipukute.

Nyimbo isanafike pakati, Kaitlyn anali pakhomo, nkhope ili yachisoni. "Mayi Kopacz, mwandikakamiza. Ndinakuuzani dzulo lomweli."

"Ndamva, mwanawe. Sutikesi ndi iyo. Koma udikire nyimbo ithe, ine sindidula nyimbo pakati."

Chitseko choyandikana chinatseguka. A Fenstermaker anatuluka ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, mpaka kudzaima pakati pa akazi awiriwo.

"Pepani kwambiri, bambo," anafulumira Kaitlyn. "Dandaulo lanu ndililandira pompano, ndipo nkhaniyi ithera lero."

Mdala uja anagunditsa kachipangizo pakhosi. Kaitlyn anachita kuwerama kuti amve.

"Dandaulo ndili nalo," inatero njuchi ija. "Chiwailesi cha mayiwa n'chachabechabe. Chikumveka motsika. Pamsewu sakumva."

"Bambo? Ndiye kuti za phokoso simukudandaula?"

"Phokoso liti? Iwe mwana, sunamvepo phokoso."

Anamudutsa n'kulowa m'chipinda cha a Darlene osaodira. Anakafika pazenera, kugwira chiwailesi ndi manja onse awiri, n'kuchitembenuza kuti chiyang'ane bwino kumsewu. Kasetiyo inali itafika pamene Rip amabwereza kukuwa kuja nyimbo ikamatha. Milomo ya a Fenstermaker inayenda nawo mawu onse, limodzi ndi limodzi, popanda kanthu kotuluka pakhosi. Kachipangizo kaja anali atakaika m'thumba.

Pansi pamsewu galimoto zinkangodutsa, za anthu osadziwa kanthu. Kenako bambo wina wa imvi, ali m'chilole chadzimbiri pamaloboti, anatsitsa galasi n'kuyang'ana m'mwamba. Analiza hutala, yaitali, osaisiya ngakhale maloboti atasintha.

Nyimbo itatha, mdala uja anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango n'kutulutsanso kachipangizo kake.

"Anajambula ndani zimenezi? Anadula poyambira."

"Amuna anga. Ankachedwa ndi ku tchalitchi komwe." A Darlene anakankha sutikesi ndi phazi kuti ichoke pakhomo. "N'chifukwa chake Lachisanu likubwerali mugogode pa nthawi yake, madala. Mukachedwa ine ndidina ndekha."