Nyongolotsi za a Fosholo

M'chilimwe cha 2003, mvula isanayambe, alamu anga anapempha kamalo ka kuseri kwa holo, pakati pa mpanda wa njerwa ndi mpopi wa madzi. Panali miyala ndi mabotolo osweka okhaokha. Anali atangopuma ntchito yosamalira maluwa pachipatala. Anthu ankawatchula kuti a Fosholo, ati chifukwa ngakhale ku ukwati ankafika fosholo ili paphewa.

Chaka chilichonse mu Meyi ankaphunzitsa anthu kulima dimba popanda feteleza kapena mankhwala. Ine ndinkalemba mayina a ophunzira ndi masiku. Bolodi sankalifuna. "Alamu, za nthaka munthu samva atakhala pampando," ankatero. Tsiku loyamba gulu lina linkaunjika manyowa, lina linkaphimba mabedi ndi udzu wouma. Koma phunziro limene ankalinyadira linali la tsiku lachiwiri: aliyense akumbe fosholo imodzi ya dothi, alikhuthulire pathumba, awerenge nyongolotsi. Zikaposa khumi, ndiye kuti nthaka ili moyo.

Mu 2017 kuseri kwa mpanda kunatsegulidwa galaja. Mvula ikagwa, madzi akuda ankalowa pansi pa njerwa.

Pa 3 Meyi 2019, kutatsala sabata imodzi kuti maphunziro ayambe, tinapita kukazika zikhomo pamene gulu lililonse lidzakumbe. Alamu anayesa bedi la kumpanda: munalibe nyongolotsi. M'bedi lachiwiri munali imodzi, yolefuka. Dothi linkanyezimira, likununkha ngati chiguduli cha makaniko.

"Kapena zapita kutchuthi," ndinatero. Sanaseke.

"Musalembe zimenezi, alamu," anatero.

"Ndalemba kale."

Masamba a m'mabedi amenewo ndi amene ankadya mkulu wanga, mkazi wawo, ndi zidzukulu zake, ndipo ophunzira nawo ankatengako popita kwawo. Ndinati tiimitse maphunziro. Iwo anangoti maso pampanda. Eni holo anali atanena kale kuti dimbalo likasiya kuphunzitsa anthu, malowo adzakhala oimikapo magalimoto.

Pa 10 Meyi, ophunzira atangobalalika tsiku loyamba, alamu anatulutsa chitini cha penti chodzaza ndi nyongolotsi zochokera kukhola la mng'ono wawo. Anazikwirira pansi pa chikhomo chilichonse, n'kuthirira.

"Zingokhala mpaka mawa, phunziro lithe."

"Nanga masamba aja, alamu? Nawonso angokhala mpaka mawa m'mimba mwa ana?"

Anatsuka chitini, osandiyang'ana.

M'mawa wa pa 11 Meyi ophunzira 23 anafika ndi mafosholo awo. Kukumba sikunafunike. Nyongolotsi zonse zinali zitatuluka, zili ngundangunda pamwamba pa dothi, zotuwa, zosagwedezeka. Ngakhale nyerere sizinaziyandikire.

Mayi wina wogulitsa tomato ndiye anayamba kulankhula. "Aphunzitsi, zakufazi tiwerengenso?"

Alamu anavula chipewa. "Werengani, mayi. Ndinaziika ndine dzulo. Nthakayi yafa, ndipo ndinadziwa sabata yatha. Amene munatenga masamba kuno, musadye. Ngati mwaphika kale, katayeni."

"Ine anawo adya usiku," anatero bambo wina wokonza nsapato.

Alamu anawatsogolera onse kumpanda, n'kuwaonetsa mzere wakuda pansi pa njerwa. Anauza aliyense anunkhize dothi lodzaza dzanja, kuti akadzalimva kwina adzalizindikire. Kenako onse pamodzi anazula mabedi khumi ndi awiri. Phunziro la chaka chimenecho linathera pomwepo, ndipo silinachitikenso.

Ana a wokonza nsapato uja sanadwale. Komabe alamu ankapita kukawaona Lachisanu lililonse, n'kumawayang'ana m'maso ngati dokotala. Pa 19 Ogasiti eni holo anathira konkire pamene panali dimba. Alamu anaimirira pampopi mpaka lole yomaliza itachoka. Fosholo anaitsuka katatu ndi sopo asanaimange pakatundu.

Anasamukira kwa mng'ono wawo Lolemba pa 2 Sepitembala 2019.