Kaulusi ka Padzanja

M'dzinja la 2022, tiyi ataphukira kuno ku Honde, m'Zimbabwe, amayi a nyumba yoyandikana ndi yanga anayamba kumva dzanzi m'zala. Ndi othyola tiyi, amantha chibadwire, galu akangouwa amati, "Basi, zandipeza." Mpingo wawo wa zovala zoyera umaletsa chipatala, komatu ndiwo unali abale awo, poti ku Mulanje kwa makolo sadziwako munthu.

Mneneri wa mpingowo anawamanga kaulusi kopempherera padzanja, koma masamba ankangowapulumukabe. Pa 14 Febuluwale 2023 amayiwo anapita mobisa kuchipatala cha ku Mutare. Madokotala anadula kaulusiko, nang'amba chikhatho kuti amasule mtsempha wopanikizika.

Atabwerera kumapemphero, amayiwo anagwada kumbuyo, dzanja atalibisa m'nsalu. Nyimbo itayamba, onse anaomba m'manja kupatula iwo. Mneneri anafika, nakoka dzanjalo, naona chipsera.

"Amai, ulusi wanga uli kuti? Lapani, apo ayi musadzapondenso pano."

Amayiwo anatsegula pakamwa kuti alape, koma panatuluka zina: "Baba, mukundifinya zala. Ndipo ndikuzimva!"

Anachoka mumpingomo Loweruka lomwelo, pa 4 Malichi 2023.